Mmene ndinavutikira ndi Plato ndi Aristotle m'chaka changa choyamba ku yunivesite

Pa sabata yachiwiri ya chaka changa choyamba ku yunivesite, mphunzitsi wathu wa filosofi analemba pa bolodi kuti aliyense abwere Lachinayi atawerenga buku la Plato, katswiri wa filosofi wa ku Greece wakale, lotchedwa Gorgias kuyambira pa 447a mpaka pa 466a. Madzulo omwewo ndinapita ku laibulale, ndinadikira nthawi yaitali chifukwa mabukuwo analipo ochepa, ndipo nditalilandira ndinayamba kufufuza tsamba 447. Bukulo linali lopyapyala, moti masamba ake sanafike ngakhale 200. Ndinalibweza poganiza kuti andipatsa lolakwika, ndinatenga lina, koma nalonso linali chimodzimodzi. Kufunsa ndinachita nako manyazi, pakuti ndinkaopa kuti anzanga adzaona kuti ndachokera ku sekondale ya kumudzi, choncho Lachinayi ndinalowa m'kalasi ndisanawerenge kanthu, ndipo ola lonse ndinali zyolizyoli kumbuyo kwa kalasi.

Amene anandipulumutsa ndi mnzanga wina amene anaphunzira Chigiriki ku Kamuzu Academy. Iye anandionetsa timanambala tolembedwa m'mphepete mwa tsamba lililonse, timene ine ndinkatiyesa zokongoletsa. Timanambalato timachokera ku mabuku a Plato amene Henri Estienne, wodziwikanso ndi dzina loti Stephanus, anasindikiza ku Geneva m'chaka cha 1578, ndipo tsamba lake lililonse linagawidwa m'zigawo kuyambira a mpaka e. Omasulira ambiri amasunga manambalawo kuti anthu owerenga mabuku osiyana athe kupezana pamalo amodzi, monga momwe machaputala ndi mavesi amagwirira ntchito m'Baibulo. Mabuku a Aristotle, wophunzira wa Plato, nawonso ali ndi manambala awo, ochokera ku zimene Immanuel Bekker anasindikiza ku Berlin m'chaka cha 1831, kotero 1354a1 ikutanthauza tsamba, mbali ya tsambalo ndi mzere. Ndayamba ndi nkhani imeneyi chifukwa ndikudziwa kuti chaka chilichonse pamakhala wophunzira wina amene amakhala chete pa vuto laling'ono ngati limeneli, mpaka kuyamba kuganiza kuti phunziro lonse si la anthu ngati iye.

Vuto lalikulu linabwera nditayamba kuwerenga. Phunziro lathu linali lokhudza chimene Agiriki ankachitcha rhetorike, ndiko kuti luso loyankhula pagulu mokopa anthu, ndipo ine sindinkamvetsa chifukwa chake anthu anzeru anataya nthawi kukangana pa nkhani imene kwa ine inali ya kalabu ya mtsutso ya ku sekondale. Ndinamvetsa pokhapokha titauzidwa mmene mzinda wa Athens unkayendera. Kumeneko nkhani za nkhondo, za misonkho ndi za malamulo ankazigamula ndi amuna a mumzindawo pa msonkhano umene unkachitikira pa phiri la Pnyx, ndipo wolengeza ankafunsa kuti ndani akufuna kuyankhula. M'makhoti munalibe maloya monga tikuwadziwira lero. Munthu ankadziyankhulira yekha pamaso pa oweruza mazanamazana, ndipo nthawi yake ankaiyeza ndi madzi odontha kuchokera mumtsuko, moti madziwo akatha mawu akenso athera pomwepo. Wosadziwa kuyankhula ankalipira anthu monga Lysias kuti amulembere zokanena, iye n'kuziloweza pamtima.

Nkhani imene inanditsegula maso ndi ya mzinda wa Mytilene, imene wolemba mbiri Thucydides analemba. M'chaka cha 427 Khristu asanabadwe, msonkhano wa ku Athens unagamula kuti amuna onse a ku Mytilene aphedwe ndipo akazi ndi ana atengedwe ukapolo chifukwa mzindawo unagalukira, ndipo chombo chinanyamuka ndi uthengawo. M'mawa mwake anthu anasonkhananso. Cleon anayankhula kuti chigamulocho chisasinthe, Diodotus anayankhula motsutsa, ndipo mbali ya Diodotus inapambana ndi mavoti ochepa kwambiri. Chombo chachiwiri chinathamangitsidwa, opalasa akudya ali pa nkhafi ndi kugona mosinthana, ndipo chinafika chigamulo choyamba chitawerengedwa kale koma chisanachitidwe. Anthu omwewo, nkhani yomweyo, masiku awiri otsatizana, ndipo moyo wa mzinda wonse unatsamira pa amene anayankhula bwino. M'chaka chomwecho Gorgias wa ku Leontini, ku Sicily, mwini dzina la buku lija, anafika ku Athens ngati kazembe wa kwawo, ndipo kayankhulidwe kake kanadabwitsa anthu. Ndiye amene analemba mawu oikira kumbuyo Helen, mkazi wa m'nthano za Agiriki amene ankamunena kuti anayambitsa nkhondo ya Troy, momwe ananena kuti mawu amagwira ntchito mumtima monga mankhwala amagwirira ntchito m'thupi, ena kuchiritsa ena kupha. Wophunzira amene sanamve mbiri imeneyi amawerenga Plato ngati munthu amene walowa pa bwalo mlandu uli pakati, osadziwa chimene chinayambitsa mkangano.

Chimangirizo changa choyamba ndinachilemba monga ndinkayankhira mafunso a MSCE. Bukulo ndi mkangano wa Socrates, mphunzitsi wa Plato, ndi anthu atatu, ndipo ine ndinatenga Socrates ngati mphunzitsi amene ali ndi mayankho olondola, ndipo Gorgias, Polus ndi Callicles ndinawatenga ngati ana a sukulu olakwitsa. Ndinandandalika mfundo za Socrates: kuti luso lokopa anthu limabala chikhulupiriro chopanda chidziwitso, kuti si luso lenileni koma chizolowezi chongophunzira pochita, kuti ndi mtundu wa kusyasyalika, ndipo likufanana ndi ntchito ya wophika zokoma amene amadziyesa sing'anga, pomwe sadziwa chimene chimapindulitsa thupi. Ndinaikamonso fanizo lake lotchuka loti wophika ndi sing'anga atapikisana pamaso pa ana, sing'angayo angafe ndi njala. Zonsezi zilimodi m'bukumo ndipo sindinaphonye ngakhale imodzi. Koma pepala linabwera ndi malikisi ongodutsa pang'ono, ndipo pansi pake panali funso limodzi lolembedwa ndi cholembera chofiira, lofunsa chimene chinachititsa Gorgias kuvomera pa 460a.

Ndinapita ku ofesi ya mphunzitsiyo mtima uli m'mwamba, ndipo ndinati, “Aphunzitsi, ndakhumudwa, chifukwa zonse zimene munaphunzitsa ndinazilemba.” Iwo anandiuza kuti ndikhale pansi, anatsegula bukulo, ndipo anati, “Inu mwandilembera zimene Socrates ananena. Ine ndimafuna mundiuze ngati anali ndi ufulu wozinena. Werengani apa mokweza.” Ndinawerenga, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona mmene mkanganowo unayendera. Poyamba Gorgias anadzitama kuti ankapita ndi m'bale wake, yemwe anali sing'anga, kwa odwala okana kumwa mankhwala kapena kuchitidwa opaleshoni, ndipo sing'angayo akalephera, iye ankawakopa ndi mawu okha. Anawonjezera kuti wophunzira akagwiritsa ntchito lusolo molakwika, mlandu si wa mphunzitsi, monga momwe wophunzitsa nkhonya sangaimbidwe mlandu mwana akakamenya bambo ake. Kenaka Socrates anamufunsa ngati angamuphunzitse chilungamo wophunzira amene wabwera asakuchidziwa, ndipo Gorgias anavomera. Apo m'pamene anakodwa, pakuti Socrates anati wophunzira ukalipentala amakhala kalipentala, wophunzira chilungamo amakhala wolungama, ndipo wolungama sachita zoipa, choncho Gorgias wadzitsutsa yekha ponena kuti wophunzira wake angagwiritse ntchito lusolo molakwika.

Mphunzitsiyo anandiloza mizere yotsatira, pa 461b, pomwe Polus akulowerera mokwiya n'kunena kuti Gorgias anavomera chifukwa cha manyazi, popeza palibe munthu angavomere pagulu kuti sadziwa chilungamo ndipo sangachiphunzitse. Patsogolo pake, cha pa 482, Callicles akunenanso chimodzimodzi za Polus, kuti nayenso anagonja chifukwa anachita manyazi kunena zimene zinali mumtima mwake. Ndinakhala kakasi. Plato yemweyo, amene ndinkamuyesa wongolemba zokomera mphunzitsi wake, anaika m'kamwa mwa anthu awiri dandaulo loti Socrates akupambana pochititsa anzake manyazi, ndipo ine ndinadutsa mizereyo kawiri konse osaiona, chifukwa ndinkangosaka mfundo zoloweza. Komanso mfundo yoti wodziwa chilungamo sangachite zoipa si yodziwikiratu, ndipo aliyense wa ife akudziwa munthu amene amadziwa bwino choyenera koma n'kuchita china. Bukulo linalembedwa kuti wowerenga aime pamalo ngati amenewa n'kufunsa.

Kuyambira pamenepo tinapangana anthu anayi kuti tiziwerenga bukulo mokweza madzulo aliwonse, aliyense atatenga munthu wake, monga mmene timachitira sewero. Ine anandipatsa Callicles, ndipo ndikunena mosabisa kuti imeneyi ndi njira imene inandithandiza koposa zonse. Ukamawerenga chamumtima, mayankho aafupi ngati “inde” ndi “ndi momwemo” umangowadumpha. Ukamawanena ndi pakamwa pako umayamba kumva pomwe munthuyo akuvomera ndi mtima wonse ndi pomwe akungovomera kuti nkhani ithe. Callicles amayamba ndi mphamvu, akunena kuti malamulo anawapanga ndi anthu ofooka pofuna kumanga amphamvu, ndiponso kuchenjeza Socrates kuti tsiku lina adzamukokera ku khoti ndipo adzangoti kukamwa yasa, osatha kudziteteza. Wowerenga woyamba wa bukuli ankadziwa kuti m'chaka cha 399 Khristu asanabadwe Socrates anaweruzidwadi kuti aphedwe, choncho mawuwo ankamubaya. Koma mkangano ukamapitirira mayankho a Callicles amafupika, mpaka cha pa 505 amakana kuyankha, ndipo Socrates amayamba kudzifunsa ndi kudziyankha yekha. Pa 513c Callicles amanena kuti Socrates akuoneka kuti akuyankhula bwino, komabe iye, monga anthu ambiri, sanakhutire kwenikweni. Usiku umene ndinawerenga mzere umenewo tinasiya bukulo n'kukangana mpaka magetsi anazima, chifukwa mnzathu wina ankati Socrates wapambana pa mfundo, pomwe ine ndinkati munthu amene walephera kusintha mtima wa mnzake sangati wapambana pa nkhani ya kukopa anthu.

Chinanso chimene chinandithandiza, ngakhale palibe amene anandilangiza, ndicho kuyesa kunena mfundo iliyonse m'Chichewa ndisanailembe m'Chingerezi. Mabuku omasuliridwa amagwiritsa ntchito liwu limodzi pa zinthu zimene ife timazisiyanitsa. Kunyengerera mwana kuti amwe mankhwala, kukopa makasitomala pa msika, kusyasyalika bwana, ndi kukhutiritsa akuluakulu pa mlandu ndi zochita zosiyana, ndipo aliyense woyankhula Chichewa amamva kusiyana kwake. Ndikadzifunsa kuti pa mzere uno Gorgias akunena za kunyengerera kapena za kukhutiritsa, ndinkapeza kuti nthawi zambiri mkangano wonse wagona pamenepo. Ndinayambanso kufananiza mabuku awiri omasuliridwa ndi anthu osiyana, ndipo pomwe awiriwo asiyana mawu ndinkadziwa kuti pali liwu la Chigiriki lovuta limene ndiyenera kulifunsa m'kalasi. Zachidule za pa intaneti ndinazisiya, pakuti zinkandipatsa mndandanda womwewo umene unandigwetsa poyamba.

Za buku la Phaedrus sindinena zambiri, chifukwa tinalidutsa mofulumira. Chofunika kudziwa n'choti m'menemo Plato akubwereranso ku nkhani yomweyi ndipo sakuitaya kotheratu. Akuti luso loona la kuyankhula ndi kutsogolera mtima wa munthu ndi mawu, ndipo woyankhula ayenera kudziwa choonadi cha nkhani yake komanso mitundu ya mitima ya omvera ake. Amene angalembe kuti Plato ankadana ndi luso la kuyankhula, osatchula bukuli, wanena theka la nkhani.

Aristotle anandivuta mwa njira ina. M'buku lake la Rhetoric, lomwe lili ndi zigawo zitatu, mulibe anthu okangana, ndipo ziganizo zake n'zouma ngati manotsi a mphunzitsi. Ophunzira ambiri amatengamo mawu atatu okha, ethos (khalidwe la woyankhula), pathos (mmene omvera akumvera mumtima) ndi logos (mfundo za nkhaniyo), n'kuwaloweza ngati dzina la mankhwala, ndipo inenso ndinatero. Koma nditabwerera ku bukulo ndinapeza kuti ngakhale mawu atatuwo ndinkawamva molakwika. Ndinkaganiza kuti ethos ndi mbiri yabwino imene munthu amabwera nayo, pomwe Aristotle pa 1356a akunena momveka kuti chikhulupiriro chimenechi chiyenera kubadwa kuchokera m'mawu omwe akuyankhulidwawo, osati ku zimene anthu ankaganiza kale za woyankhulayo. Tanthauzo limene amapereka la lusoli nalonso n'losamalitsa: sakuti ndi kukopa anthu, koma kutha kuona, pa nkhani iliyonse, njira zokopera zimene zilipo, monga momwe sing'anga angasamalire bwino wodwala amene sangachire. Ndipo pa dandaulo loti lusoli lingagwiritsidwe ntchito moipa, yankho lake n'loti zimenezo zimachitika ndi zabwino zonse kupatula khalidwe labwino lenilenilo, ndipo akutchula mphamvu, thanzi, chuma ndi utsogoleri wa nkhondo.

Liwu limene linandizunza kwambiri ndi enthymeme. M'kalasi tinauzidwa kuti ndi mtundu wa kulingalira kumene woyankhula pagulu amagwiritsa ntchito, kochokera ku zinthu zimene omvera amazivomereza kale, ndipo kawirikawiri mfundo yodziwika amaisiya osaitchula. Chitsanzo cha Aristotle ndi cha Dorieus: pofuna kusonyeza kuti anapambana pa mpikisano umene mphoto yake ndi nkhata ya masamba, n'kokwanira kunena kuti anapambana pa masewera a Olympia, chifukwa aliyense akudziwa mphoto ya kumeneko. Ndinaloweza zimenezi koma sizinalowe m'mutu, mpaka pa tchuthi pamene ndinaperekeza amalume anga ku bwalo la amfumu. Mlandu unali wa malire a munda, pakati pa mayi wamasiye ndi mwamuna wina amene analima mizere ingapo kupyola pomwe mayiyo ankati ndi pake. Mwamunayo anayankhula nthawi yaitali, akutchula zaka ndi mayina a makolo. Itafika nthawi ya amalume, amene ankayankhulira mayiyo, anaimirira, anapereka ulemu kwa amfumu ndi nduna zawo, kenaka anati, “Tonse pano tikumudziwa amene anabzala mtengo wa mango uja uli pakati pa mizereyo.” Anakhala chete pang'ono, ndipo anthu anayamba kugwedeza mitu. Sananene kuti anaubzala ndi malemu mwamuna wa mayiyo, ndiponso sananene kuti munthu sabzala mango m'munda wa mwini. Omvera anamaliza okha. Pomaliza anati, “Chaona mnzako chapita,” ndipo bwalo lonse linayankha kuti, “mawa chili pa iwe.”

Ndinabwerera ku sukulu n'kutsegula gawo lachiwiri la bukulo, mutu 21, pomwe Aristotle akukamba za mawu okuluwika ndi miyambi, ndipo ndinaseka ndekha powerenga kuti mawu otere amayenera anthu achikulire, pa nkhani zimene anazionapo, ndiponso kuti anthu a kumidzi ndiwo amakonda kuwagwiritsa ntchito. Komabe ndikuchenjeza mnzanga wa chaka choyamba kuti asathamangire kunena kuti bwalo la kwathu ndi khoti la ku Athens ndi chinthu chimodzi. Oweruza a ku Athens ankaponya mavoti osakambirana n'komwe, ndipo wina ankapambana wina n'kugonja, pomwe amfumu tsiku lija anafunsa nduna zawo ndipo chimene ankafuna n'choti anthu awiriwo apitirize kukhala moyandikana. Kufanana kuli pa mmene mawu amagwirira omvera, ndipo m'chimangirizo ndi bwino kunena poyera pomwe kufananako kwathera.

Pobwerera kunyumba tsiku la mlandu lija, ndinafunsa amalume ngati iwo anaona ndi maso awo malemuyo akubzala mtengowo. Anandiyang'ana n'kunena kuti, “Iwe, nthawi imeneyo ine ndinali ku Joni. Ndinamva kwa anthu, ndipo anthuwo ndi omwe aja anagwedeza mitu.” Sankanama, ndipo mpaka lero ndikukhulupirira kuti mayi uja anali ndi ufulu pa mundawo. Koma funso limene Socrates anafunsa Gorgias, ngati woyankhula amapatsa anthu chidziwitso kapena chikhulupiriro chabe, linali litaima pamaso panga mu msewu wa kumudzi kwathu, ndipo linali lokhudza munthu amene ndimamulemekeza.

Nkhani imeneyi ndiyo inakhala maziko a chimangirizo changa chachiwiri. Ndinalemba kuti Aristotle akufotokoza bwino kuposa Plato mmene amalume anapambanira, koma sakuchotsa nkhawa ya Plato, chifukwa kulingalira kotsamira pa zimene omvera amavomereza kale kumagwira ntchito mofanana kaya omverawo akulondola kapena akulakwitsa. Ndinatchula manambala a Stephanus ndi a Bekker pa mfundo iliyonse, ndinapatsa Callicles ndime yake yonse m'malo momutaya ndi chiganizo chimodzi, ndipo pomwe ndinkakayika ndinasonyeza mbali zonse ziwiri ndisanasankhe yanga. Pepala linabwera ndi malikisi abwino kuposa oyamba aja, koma pansi pake panalinso funso la cholembera chofiira. Mphunzitsiyo ankafunsa kuti, ngati amalume akanakhala chete chifukwa choti sanaone ndi maso awo, mayi wamasiyeyo akanamuyankhulira ndani.